Pull request imodzi imene inatsala pang'ono kugawa pulojekiti yathu: lipoti la mmene tinaweruzira

Ndine mmodzi mwa anthu atatu amene timalandira madandaulo mu pulojekiti ina ya open source, imene code yake ili poyera kwa aliyense, ka library kothandiza mapulogalamu ena kuwerenga mafayilo a mitundu ingapo. Dzina la pulojekiti ndi mayina a anthu sinditchula, tinagwirizana kuti nkhaniyi itha kufotokozedwa bola isachititse munthu manyazi. Tonse ndi odzipereka, palibe amalandira kanthu, aliyense ali ndi ntchito yake ya masana nde izizi timapanga usiku kapena pa weekend tikapeza mpata. Anzathu a mapulojekiti ena amakonda kufunsa kuti mkangano ukabuka mumayambira pati, ndiye ndaona kuti bola ndingofotokoza umodzi wonse mmene unayendera.

Anthu ake ndi awiri. Oyamba ndi bambo amene analemba code yoyambirira ya library imeneyi zaka zambiri zapitazo, ndiziwatchula kuti akuluwo. Wachiwiri ndi mnyamata amene anali atangolowa kumene, waluso ndithu, ndizimutchula kuti watsopanoyo.

Watsopanoyo anatumiza pull request yaikulu kwambiri, ndiko kuti pempho loti code yake ilowe mu pulojekiti, analemberatu mwatsopano gawo lonse lowerenga mafayilo, mtima weniweni wa library, ndipo zoona zake code yakeyo inkathamanga kuposa yakale, anaikanso manambala osonyeza zimenezo. Koma sanatsegule kaye issue, tsamba lokambiranapo, kuti afunse ngati anthu akufuna kusintha kotere, anangobwera ndi katundu yense atamaliza kale. Pull request ija inakhala miyezi popanda yankho lililonse. M'kati mwa miyezi imeneyo anthu ogwiritsa ntchito library anayamba kudutsa n'kumasiya makomenti, wina kufunsa kuti zili pati, wina kuti pulojekitiyi inafa kapena, wina kungoika +1 n'kumapita, ndipo komenti iliyonse inkagwa mu imelo ya akuluwo. Tsiku lina usiku akuluwo anayankha mizere iwiri yokha, anati code imeneyi ndi zinyalala ndipo woilemba akaphunzire kaye asanatayitse anthu nthawi, n'kutseka pull request pompo.

Mnyamatayo anajambula screenshot n'kukaiika pa social media ndi mawu akuti taonani mmene amalandirira anthu atsopano kuno, anaikanso link. Mmene kumacha thread ya makomenti pa pull request ija inali itadzaza anthu amene sanalembepo ngakhale mzere umodzi mu pulojekitiyi, ena kutukwana akuluwo, ena kuti atule pansi udindo, ena kuti mnyamatayo apatsidwe mphamvu ya merge, yolowetsa code mu pulojekiti, lero lomwe apo ayi tipanga fork, kukopera code n'kukayamba pulojekiti yathuyathu. Ife tinalandira madandaulo awiri tsiku limodzi, lina lochokera kwa watsopanoyo lodandaula za chipongwe, lina lochokera kwa contributor wina wakale lodandaula kuti mnyamatayo waitana gulu kuti lidzazunze munthu.

Zimene tinayamba kuchita

Choyamba tinatseka thread. GitHub, webusaiti imene pulojekiti yathu ili, ili ndi batani la lock conversation, komanso mutha kuletsa kwakanthawi maakaunti atsopano kulemba mu repository yonse, malo osungira code ya pulojekiti, ndiye tinagwiritsa zonse ziwiri. Chofunika apa ndi chakuti musatseke mwakachetechete, anthu amangoti aha akubisa. Tinalemba komenti yaifupi kuti madandaulo talandira, tikuwaona, thread yatsekedwa kuti tipeze mpata womva mbali zonse, ndipo tibweranso pompano kudzanena zimene tagamula. Sitinafufute komenti ya akuluwo ngakhale ena ankafuna, chifukwa screenshot inali kale paliponse ndipo kuifufuta kukanangosonkhezera moto. Makomenti otukwana a alendo aja tinangowabisa, maakaunti amene anafika poopseza tinawapanga block basi, amenewo sanatidyere nthawi.

Chachiwiri, mnzathu mmodzi mwa atatufe anatuluka mu nkhaniyi chifukwa ndi bwenzi la akuluwo la nthawi yaitali. Anachita yekha osauzidwa. Zinatisiya awiri, zimene ndi zovuta chifukwa mukasiyana maganizo palibe wachitatu, koma zinali bwino kusiyana n'kuti mawa mnyamatayo amve kuti mlandu wake unaweruzidwa ndi mnzake wa amene akumudandaula.

Kenako tinalankhula nawo payekhapayekha, pa call osati pa meseji. Apa ndi pamene nkhani inasintha nkhope.

Akuluwo anali ndi zifukwa zenizeni zokanira code ija, zitatu, ndipo zonse zomveka. Inkasintha mmene mapulogalamu ena amaitanira library, kutanthauza kuti aliyense woidalira zinthu zikanamuthyokera pa release yotsatira. Inalibe ma test okwanira. Chachitatu ndiye chachikulu, mu code yakale munali mizere yooneka yonyansa yokhotakhota imene mnyamatayo anaichotsa poganiza kuti ndi zotsalira, pamene mizere imeneyo inaikidwa dala kalekale pambuyo poti wina anapeza kuti fayilo yopangidwa mwachinyengo imatha kugwetsa pulogalamu. Palibe pamene zinalembedwa, zinali m'mutu mwa akuluwo basi. Titawafunsa kuti nanga bwanji simunangolemba zitatu zimenezi, anati analibe mphamvu, kuti alembe bwinobwino pankafunika usiku wonse wowerenga code ya mnyamatayo mzere ndi mzere, ndipo ankangoti ndipanga mawa ndipanga mawa uku makomenti a zili pati akuwunjikana. Tinapezanso kuti pa anthu amene ali ndi mphamvu ya merge, ena onse anali atasiya kalekale osalengeza, mayina ali pa mndandanda koma review yonse ikugwera munthu mmodzi. Zimenezi ambiri mu pulojekiti sankazidziwa, mndandanda unkaoneka wodzaza.

Mnyamatayo naye mbali yake inali yomveka. Anathera mausiku ambiri pa ntchito ija, ankafuna ikhale chinthu choloza akamafunsira ntchito, anawerenga fayilo ya CONTRIBUTING yonse, ya malangizo kwa ofuna kuthandiza, ndipo munalibe mawu oti kusintha kwakukulu kuyambe ndi issue. Anadikira mwaulemu miyezi yonse ija osalemba chilichonse chokwiya, yankho loyamba kulandira n'kukhala limenelo, pagulu, pomwe aliyense wofufuza dzina lake adzalipeza. Za screenshot anavomera kuti ankadziwa kuti anthu abwera, koma anati sankayembekeza kuti afika potukwana.

Pali mfundo imene anthu ena anabweretsa yoti mu mapulojekiti otere ambiri amalemba Chingelezi chimene si chilankhulo chawo, ndiye yankho lalifupi limamveka laukali pamene mwiniwake sanafune kutero, komanso kuti pali anthu anazolowera kulankhula mosapsatira. Ndi zoona, ndaziona kambirimbiri, munthu kulemba kuti izi ndi zolakwika konza basi, winayo n'kukhumudwa sabata yonse. Milandu yotere timangofotokozera mbali zonse ndipo imathera pomwepo. Koma kuuza munthu kuti ntchito yake ndi zinyalala akaphunzire kaye si vuto la galamala ayi, akuluwo ankadziwa bwinobwino zimene akulemba ndipo iwonso sanabisale kumbuyo kwa chifukwa chimenecho.

Milandu inali iwiri, osati umodzi

Chimene chinatithandiza kwambiri ndi kulekanitsa mafunso awiri amene aliyense mu thread ankawaphatikiza. Funso loyamba, kodi mawu aja anali ovomerezeka. Funso lachiwiri, kodi code ija ilowe. Gulu la mnyamatayo linkaganiza kuti poti wanyozedwa ndiye code yake ilowe ngati chipepeso, gulu la akuluwo linkaganiza kuti poti code inali ndi mavuto ndiye mawu aja anali oyenera. Onse ankalakwitsa. Komiti yathu ili ndi mphamvu pa funso loyamba lokha, za code si zathu, ndipo tinanena zimenezi poyera kuyambira pachiyambi kuti wina asayembekeze kuti tikakamiza merge.

Pa funso loyamba tinatsata code of conduct yathu, malamulo a khalidwe, imene ndi Contributor Covenant, ija inalembedwa ndi Coraline Ada Ehmke mu 2014 ndipo mapulojekiti ambirimbiri anaitenga. Version 2.0 inabweretsa makwerero anayi a chilango, kudzudzula mwamseri, chenjezo, kuimitsa kwakanthawi, ndi kuchotsa mpaka kalekale. Ubwino wa makwerero amenewa ndi woti simukangana kuti tichite chiyani kuchokera m'mutu, mumangokangana kuti mlanduwu ukugwera pa sitepe iti. Akuluwo tinawapatsa chenjezo, sitepe yachiwiri, chifukwa chipongwe chinali pagulu ndipo chinachokera kwa munthu wamphamvu kupita kwa wongolowa kumene, komanso titayang'ana mmbuyo tinapeza mayankho ena akale ofananako amene palibe anadandaula, anthu ake anangosowa. Mnyamatayo tinamudzudzula mwamseri, sitepe yoyamba, osati chifukwa chonena poyera kuti wachitiridwa chipongwe, ufulu umenewo ali nawo, koma chifukwa choika link yolunjika pa munthu akudziwa kuti gulu litsatira.

Apa panali phokoso la mkati. Ma contributor ena akale anatilembera kuti simungachenjeze mwini pulojekiti, akapsa mtima n'kuchoka library yonse ithera pomwepo, ndani wina akudziwa code imeneyi. Mantha amenewa ndi enieni, khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo ndi chifukwa chake ma code of conduct ambiri amangogwira ntchito pa alendo ndi ana atsopano, akafika pa wamkulu amazizira. Koma tinawakumbutsa za Linux. Mu September 2018 Linus Torvalds mwiniwake, woyambitsa Linux, analemba kupepesa chifukwa cha mmene ankayankhulira anthu mu maimelo, anapuma kaye, Greg Kroah-Hartman ndi amene anamalizitsa release ya 4.19, ndipo nthawi yomweyo kernel, mtima wa Linux, inasiya chikalata chake chakale cha Code of Conflict n'kutenga code of conduct yochokera pa Contributor Covenant. Torvalds anabwerera patapita pafupifupi mwezi, kernel sinafe. Ngati lamulo silingakhudze munthu mmodzi amene ali ndi mphamvu zonse ndiye bola kulichotsa mu repository, chifukwa likunamiza atsopano kuti ndi otetezedwa.

Za kufuna kuti mnyamatayo apatsidwe mphamvu ya merge, tinakana, ndipo apa ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa anthu ambiri sanatimvetse. Mu March 2024 Andres Freund anapeza backdoor, khomo lachinsinsi lolowera m'makompyuta a anthu, mu xz Utils, ma version 5.6.0 ndi 5.6.1, kapulogalamu kopanikiza mafayilo kamene kali pafupifupi mu Linux iliyonse. Anthu atafufuza mmbuyo anapeza kuti mu 2022 maintainer wake, ndiko kuti woyang'anira pulojekiti, Lasse Collin, amene ankasenza yekha ntchitoyo kwaulere, ankalandira mameseji ochokera ku maakaunti osadziwika omudzudzula kuti akuchedwetsa zinthu ndipo apereke udindo kwa wina, ndipo wina ameneyo anali akaunti ya dzina loti Jia Tan imene inadzalowetsa backdoor ija. Sindikunena kuti mnyamata wathuyu anali ndi zolinga zoipa, ayi ndithu, ndinalankhula naye ndipo ndi munthu wabwinobwino. Ndikunena kuti chithunzi chake ndi chomwecho, maintainer wotopa, gulu la anthu osadziwika likukuwa kuti wachedwa, dzina latsopano likukankhidwa. Pulojekiti ikazolowera kupereka makiyi chifukwa cha phokoso ndiye aliyense wofuna makiyi wadziwa njira. Mphamvu ya merge imabwera ndi mbiri ya ntchito zing'onozing'ono zambiri zimene anthu aziona kwa nthawi, osati ndi kuchuluka kwa makomenti tsiku limodzi.

Pamene panagona vuto lenileni

Chenjezo linathetsa za mawu koma silinakhudze chimene chinabala mawuwo. Pulojekiti yathu inalibe yankho lolembedwa pa funso loti anthu akasiyana maganizo pa code amagamula ndani ndipo motani. Yankho losalembedwa linali akuluwo, basi, ndipo munthu mmodzi akakhala khomo lokhalo ndiye kukana kulikonse kumaoneka ngati chidani ndipo kuchedwa kulikonse kumaoneka ngati mwano, iyenso kupempha kulikonse amakumva ngati kumuukira.

Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, inadutsa momwemu pa mlingo waukulu. Mkangano wa PEP 572, ganizo lowonjezera mu Python kachizindikiro ka := , unali woopsa moti Guido van Rossum, woyambitsa Python, atalivomereza anatula pansi udindo wake wogamula zonse mu July 2018, atatopa ndi kumenyera chigamulo chake pakati pa anthu okwiya. Python inali nayo kale code of conduct, sinamuteteze ku kutopa kumeneko. Chimene anachita pambuyo pake ndi kusintha ulamuliro, anakhazikitsa steering council ya anthu asanu osankhidwa pa voti, yoyamba inasankhidwa kumayambiriro kwa 2019. Ife ndi ochepa kwambiri kuti tikhale ndi council, koma phunziro lake tinalitenga, ndipo zambiri tinabwereka ku Apache Software Foundation amene anazilemba bwino kalekale. Kwa iwo munthu akakana kusintha kwa code ndi -1 ayenera kupereka chifukwa cha ukadaulo, kukana kopanda chifukwa sikuwerengedwa, ndipo pa zinthu zing'onozing'ono ali ndi lazy consensus, ukanena zimene ukufuna kuchita n'kudutsa maola 72 popanda wotsutsa umapitiriza.

Ndiye gulu lonse la ma contributor, osati komiti yathu, linagwirizana zinthu zingapo. Kusintha kwakukulu kuyambe ndi issue ndipo zimenezi zalembedwa pamwamba penipeni pa CONTRIBUTING. Pull request iliyonse ilandire yankho la munthu pasanathe masabata awiri ngakhale yankholo likhale loti taiona koma sitinaiwerenge, chifukwa chimene chimapsetsa mtima kwambiri ndi chete osati kukanidwa. Wotseka pull request alembe chifukwa. Mayina a anthu amene anasiya anachotsedwa pa mndandanda wa ma maintainer mwaulemu, n'kuwaika pa mndandanda wa akale, ndipo anthu awiri amene akhala akutumiza tizigamba kwa zaka anapatsidwa mphamvu ya merge, kuti pakakhala kusagwirizana atatu avote. Ndipo mizere yokhotakhota ija akuluwo anaiikira makomenti ndi ma test ofotokoza chifukwa chake ilipo, ntchito imene inayenera kuchitika kalekale.

Fork tinaikamba mosaopa. Anthu amaitchula ngati chiopsezo koma laisensi yathu ndi MIT, aliyense ali ndi ufulu wotenga code n'kupita nayo kwake, ndipo tinamuuza mnyamatayo kuti akafuna apange, palibe amene amuone ngati mdani. Ma fork ena amabwerera, io.js inapatuka ku Node.js kumapeto kwa 2014 chifukwa cha kusakhutira ndi mmene kampani ya Joyent inkayendetsera zinthu, mu 2015 anagwirizananso pansi pa Node.js Foundation n'kutulutsa version 4.0 ali amodzi. Ena sabwerera, LibreOffice inachoka ku OpenOffice.org mu 2010 Oracle itagula Sun ndipo mpaka pano ili payokha ndipo ikuyenda bwino. Anapangadi fork, ndipo inathandiza, chifukwa kumeneko ankayesa zinthu momasuka popanda kudikira aliyense.

Mmene zinathera

Sizinathe mokoma ngati mmene ena amafotokozera nkhani zotere. Akuluwo anapepesa pa thread pomwepo titaitsegulanso, chipepeso chachifupi chouma, koma munalibe mawu aja oti ngati wina wakhumudwa, anavomera kuti mawuwo anali olakwika, kenako analemba zifukwa zitatu zija mwatsatanetsatane. Kwa ine review imeneyo inali chipepeso chachikulu kuposa mawu opepesawo, inawatengera usiku uja ankauthawa. Mnyamatayo sanakhutire, ankafuna chilango chachikulu ndipo anatiuza mosabisa kuti tawanyengerera. Sitinasinthe chigamulo, tinangomufotokozera kuti chenjezo limatanthauza kuti zikachitikanso sitepe yotsatira ndi kuimitsidwa, ndipo akuluwo auzidwa zomwezo m'kalata.

Mmodzi mwa ma maintainer atsopano anathandiza kugawa pull request ija m'tizidutswa. Tina tinalowa ndipo library ikuthamangadi kuposa kale, dzina la mnyamatayo lili mu release notes. Gawo lalikulu losintha mmene library imaitanidwira silinalowe, atatu aja anavota n'kulikana, akuluwo ndi mmodzi mwa atsopano kukana, winayo kuvomera. Patapita miyezi ingapo mnyamatayo anasiya kuoneka, fork yake ilipo koma yangokhala. Sanatsanzike ndipo ife sitinamulondole. Akuluwo anasiya kupanga review ya anthu atsopano kwa kanthawi mwa kufuna kwawo, pano anayambiranso, mayankho awo akadali aafupi koma chifukwa chimakhalapo.

Chimene chatsala chosamalizika ndi cha ife eni komiti. Mlanduwu unaonetsa kuti tikanakhala ndi dandaulo lokhudza mmodzi wa ife, kapena akuluwo akanakana chenjezo, tinalibe kolowera, chifukwa amene anali ndi makiyi a repository ndi akuluwo osati ife. Ku Rust, chilankhulo china cholembera mapulogalamu, gulu lonse la ma moderator linatula pansi udindo mu November 2021 ponena kuti core team sinkayankha kwa wina aliyense pa nkhani za code of conduct, ndiye si vuto la mapulojekiti aang'ono okha. Tinalemba kuti dandaulo lokhudza wa mu komiti kapena maintainer wamkulu liziwonedwanso ndi munthu wakunja wochokera ku pulojekiti ina, ndipo makiyi a admin pano ali ndi anthu awiri osati mmodzi. Munthu wakunjayo sitinamupezebe, amene tawapempha onse akuti ntchito ya madandaulo ya kwawo yawakwana kale, nde issue yake ikadali yotsegula.